Tsiku lomwe ndinasanduka wa CID mu Sienta ya ku Senga Bay

Abale anga, mabuku a zaumbanda aja musamawerengere m'galimoto, amalowa m'mutu ngati kachasu wa m'mamawa. Ine ndimakhala ku Senga Bay koma ntchito ndimagwira pa boma pa Salima, nde tsiku lililonse ndi Sienta basi, makilomita pafupifupi 20 kupita 20 kubwerera, ndipo poti bandulo masiku ano sachedwa kutha ndinayamba kugula mabuku a kaunjika oyala pansi aja kuti ndizitayitsa nthawi. Ili ndikunenali ndinaligula lopanda chikuto, masamba omalizira mulibe, kaya wina anakulungira zitumbuwa kaya anapichira fodya, moti mpaka lero sindikudziwa kuti anapha mayi wolemera uja ndani. Koma wofufuza wake yekhayo anali dolo. Kungoyang'ana nsapato ya munthu wadziwa kale komwe wagona.

Ndisanapite patali ndikuuzeni za mwana wanga wa Sitandade 6. Chibwerereni ku Karonga komwe anapita ndi amalume ake pa holide nkukaona chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha mtundu wa madinosa, ku museum kuja, pakhomo sitikupuma. Pa nsima nkhani ndi yomweyo. Akuti mafupa ake anakumbidwa konko ku Karonga, mzungu wina Sidney Haughton ndi amene anachilemba koyamba mu 1928 ndi dzina lina, ili la Malawisaurus linabwera mu 1993, chinali cha khosi lalitali chodya masamba okhaokha ndipo chinkayenda muno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo nyanja yathuyi kulibe. Zonsezo ndinavomera. Pomwe tinakangana mpakuti eti nkhuku ndi mdzukulu wa madinosa, kuti chimwala chitagwa kuchokera kumwamba cha ku Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo zikuluzikulu zonse zinatha psiti koma timbalame tinapulumuka. Ndinamuuza kuti iwe ukanati ng'ona ndikanamva, ija ikangotulutsa mutu m'madzi umaoneratu kuti ichi nchakale. Koma nkhuku? Yomwe amako amaithamangitsa ndi tsache?

Nde Lachiwiri lina mwezi wa October, dzuwa la ku Salima lija loti 7 koloko m'mawa malaya amata kale pamsana. Anthu opanga mafilimu a zam'tsogolo aja, a magalimoto ouluka ndi makina obwezera munthu m'mbuyo zaka 1000, akanabwera kuno kudzaphunzira sayansi yeniyeni, galimoto ya anthu 7 tinalowamo 11, kuphatikiza beseni la usipa, adalaivala akugawana mpando ndi bambo wina ngati pa benchi ya kutchalitchi. Kumanja kwanga kunali mnyamata wa mahedifoni, kumanzere agogo ena aakazi atafungatira tambala wofiira womanga miyendo ndi luzi. Ine buku m'manja, ndili pa tsamba loti wofufuza wasonkhanitsa anthu onse m'chipinda chimodzi.

Titangodutsa popatukira ku Lifuwu ndinapisa m'thumba kuti ndione nthawi. Foni palibe. Thumba linalo, palibe. M'chikwama, kontena ya nsima yokha.

Munthu wanzeru akanayamba wafufuza bwino mwakachetechete. Ine ayi, buku linali litandikwera. Ndinakuwa ndi mawu omwe sindinadziwe kuti ndili nawo, "Adalaivala imikani galimoto, asatsike munthu muno!" Anaimikadi pambali, fumbi kobo. Ndinayamba ndi mnyamata uja ndikumuloza ndi buku. "Achimwene, nsapato zanuzi zili ndi mchenga." Anachotsa hedifoni imodzi nkundiyang'ana. "Madala, tonse muno tachokera kunyanja." Ndinayang'ana zanga, mchenga tho. Sindinafooke. "Nanga thukutali bwanji, mukuopa chani?" Mayi wa usipa kumbuyo ndi amene anayankha, "Bambo inu, ndani sakutuluka thukuta muno? Usipa wangawu ukupsa uku mukuweruza milandu."

Apa mpomwe ndinachimwa zenizeni. M'mabuku amenewa wolakwa amakhala uja simukumuganizira ngakhale pang'ono, nde mutu wanga unatembenukira kwa agogo. Ndinati, mwaulemu ndithu, "Agogo pepani, koma dzanja lanu ndinaliona likuyendayenda kunsi kwa chitenje." Galimoto yonse inangoti zii. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwanangu, ndimagwira tambalayu kuti asakujompheni. Foni yanga ya mabatani ili pa mfundo apa, ndipo imandikwanira."

Adalaivala anali atatopa nane. "Bwana, tchulani nambala tiyimbe, anthu akuchedwa." Ndinatchula monyadira, mumtima ndikuti wakuba wagwidwa lero. Sindinadziwe zinthu ziwiri. Choyamba, mwana uja usiku wake anali atandisinthira kaliridwe ka foni nkuikapo kubangula kwa dinosa wa m'filimu, voliyumu mpaka kumapeto. Chachiwiri, popereka ndalama ya galimoto pa siteji ndinali nditaika foniyo pakati pa buku kuti ndisataye tsamba.

Buku lomwe ndimalozera nalo anthu linabangula m'manja mwanga. Kubangula kwenikweni, koti bambo wa kutsogolo uja anatsegula chitseko nkutera pansi opanda kufunsa. Ine ndinaliponya m'mwamba. Tambala, kaya anamva mawu a agogo ake akale, anadula luzi nkundilumphira pachifuwa, mapiko phaphapha kumaso kwanga, nthenga m'kamwa. Ndipo abale, ndinaliona phazi la nkhuku pafupi koyamba m'moyo wanga. Mamba okhaokha ngati a ng'ona, zala zitatu zakutsogolo zikhadabo zopindika, diso lachikasu losaphethira, lopanda chisoni ngakhale kadontho. Sekondi imeneyo ndinakhulupirira zonse za mwana uja. Anandikanda pakhosi, nkundisiyira chitosi chotentha pa thumba la malaya oyera, kenako pa windo fyuu, ulendo wa m'munda.

Agogo sanakweze mawu. Anangoti, "A CID, kagwireni wakuba wanu uyo akuthawa."

Ndinathamanga m'mizere ya munda wa eni ake ndi nsapato za kuofesi, ana asukulu atayima pamsewu kuchemerera, osati ine, tambala. Anandithandiza kumugwira ndi wa kabaza wina yemwe anafuna yake ya sopo, adalaivala nawo anati nthawi yomwe ndawatayitsa akanapanga tiripi ina. Agogo ndinawapepesa chogwada mpaka pa depoti, anangoti mapazi awo atupa kamba ka mantha, nde Fanta ndi bani zinatuluka m'thumba mwanga. Kuntchito ndinafika 9 koloko itadutsa, chikwama ndachikumbatira pachifuwa kubisa chitosi. Pano ndikangofika pa siteji oitanira onse amakuwa, "Mpando wa a CID kutsogolo, sungani mafoni!"

Madzulo kunyumba ndinanama kuti ndagwa pa kabaza. Mwana uja anabwera pafupi, nkuyang'anitsitsa pakhosi panga, nkuyamba kuwerenga mikwingwirima ndi chala. "Imodzi, ziwiri, zitatu. Adadi, kabaza wake anali ndi nthenga?"