Zikomo a ku Mandala House

Ndikuthokoza anthu osamalira mabuku a Society of Malawi ku Mandala House, ku Blantyre. Ndinapitako ndi nkhani imodzi yokha ya kumtundu kwathu: akuti agogo awo a bambo anga anali mtengatenga, ankasenza katundu wa kampani ya African Lakes kuchokera kwa Katunga kukwera naye ku Blantyre, mpaka kukatula ku Matope, poti sitima sizikanatha kudutsa mathithi a Shire.

Mayi amene ndinawapeza m'chipinda cham'mwamba sanandiseke, ngakhale ndinalibe chaka kapena kapepala kalikonse. Anandikhazika pansi, nkumanditulutsira mabuku ndi magazini akale a Nyasaland Journal, omwe bungweli linayamba kusindikiza mu 1948, patapita zaka 2 likhazikitsidwe. Masamba ena anali ofiiririka, ofuna kutembenuza ngati ukugwira dzira. Dzina la agogo sitinalipeze. Azungu a nthawi imeneyo ankalemba mayina awo okha, onyamula katundu ankangowawerenga ngati mbuzi. Koma chithunzi chimodzi chinandigwira mtima: mzere wa amuna osavala nsapato, mitolo pamutu. Ndinachiyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa.

Zikomonso bambo achikulire aja, mlendo mnzanga, munandiuza kuti nyumbayo inamangidwa mu 1882, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya African Lakes. Ine kukula konseku ndinkayesa ndi dzina la mfumu!

Mayi, ndidzabweranso ndi ana tchuthi chikubwerachi. Mulungu akusungeni.