Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Filimu ya mayi wa kaunjika

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinasiya kujambula maukwati ndi zinkhoswe n'kuyamba kupanga mafilimu aafupi okamba za amayi a mu Lilongwe muno. Lero ndifotokoze za filimu yaitali imene ndikulemba, yomwe gwero lake ndi zimene zinachitika mu Januwale 2012.

Amene munalipo mukukumbukira kuti mavenda ena anayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi m'misewu, kuno ndi ku Blantyre, ati poteteza chikhalidwe. Chonsecho lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa amayi zovala zimenezi mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, linali litathetsedwa kalekale pomwe dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, ndipo mayi Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anali nawo. Nkhaniyo inamveka pa wailesi kenaka n'kuzilala, koma amene anachititsidwa manyaziwo anapitiriza kuyenda m'misewu yomweyo, pamaso pa anthu omwewo.

Mwini nkhani mufilimuyi ndi mayi wongopeka, wokhala ku Kawale, wogulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Nkhani ikuyamba m'mawa wotsatira chipongwecho, pamene ayenera kubwerera pabenchi pake chifukwa ngongole ya banki m'khonde siidikira kuti munthu apole mtima. Ndi mayi wanthabwala, wodziwa kunenerera mtengo wa belo, ndipo nthawi zina ndi waukali kwa mwana wake mopyola muyeso, pakuti ndatopa ndi mafilimu amene mayi amangolira kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Chimene chandisowetsa tulo ndi chigawo cha kuvulako. Munthu wina wakunja amene amafuna kutithandiza ndi ndalama anaumirira kuti filimu itsegule ndi chigawo chimenechi, chioneke chonse, kuti oonera akhudzidwe. Ndinakana, ndipo zokambirana zathu zinathera pomwepo. Kuti chioneke chonse ndiye kuti ndiimike mtsikana wosewera pakati pa msika, ndiuze anyamata amukoke zovala kamera ili pa iye, kenaka tibwereze kangapo mpaka kuwala kukhale bwino. Pamenepo ine ndi mavenda aja tisiyana pati? Amayi amene ndinacheza nawo polemba nkhaniyi sanakambe kwambiri za manja amene anawagwira, koma za kuseka kwa oonerera ndi za amayi anzawo amene anayang'ana kumbali. Tsono kamera idzaloza nkhope za khamulo, ndipo mayiyo tidzangomumva mawu mpaka wogulitsa tomato wina atamufunditsa chitenje.

Maganizo amenewa akweza mtengo wa filimu, chifukwa khamu limafuna chakudya ndi thiransipoti, ndipo kujambula mawu pamalo pamene oitanira minibasi akukuwa kumafuna zipangizo zabwino zobwereka. Ndikafooka ndimakumbukira kuti mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya AMVCA, mpikisano wa mafilimu a mu Africa, ku Nigeria, pamene ambiri ankati mayi wa kuno sangafike kumeneko.

Mwezi wamawa tiyamba kuyesa osewera, ndipo gawo lotsatira lidzakamba za vuto lopeza mayi wa zaka za m'ma 40 amene abale ake angamulole kusewera mbali imeneyi.