Pulayima ya m'chitini: yang'anani kaye pomwe mukapopere

Malo aang'ono pa galimoto, monga pomwe chitseko chinakalika kapena pakona ya bampala, safuna kompuresa. Chitini cha 400 ml chimakwana. Koma zitini za pulayima, penti yoyamba ija yomwe imapita pansi pa penti yeniyeni, zimafanana maonekedwe pomwe ntchito zake n'zosiyana, ndipo chomwe chikuuzeni choti mugule ndi chimene chatsala pansi mukamaliza kupala.

Ngati mwapala mpaka chitsulo chikung'anima, mufunika etch primer. Ili ndi asidi pang'ono yemwe amaluma chitsulo kuti penti igwire, ndipo imagwiranso pa aluminiyamu. Imapoperedwa mopyapyala, kamodzi kapena kawiri basi, chitsulo chizionekerabe pang'ono. Siyodzazira mikwingwirima. Ndipo musapake body filler, phala louma lodzazira pobonyoka, pamwamba pake, chifukwa asidi uja amasokoneza kuuma kwa filler, pakapita miyezi malowo amatukuka. Filler apite pa chitsulo poyamba.

Dzimbiri lichotsedwe lonse. Pulayima siipha dzimbiri, imangolibisa, ndipo mvula yoyamba ikagwa limatulukira ngati matuza.

Pamwamba pa filler kapena pa penti yakale yomwe mwaikwecha ndi sandipepa ya P180 kenako P320 (nambala ikakula, sandipepa imakhala yosalala), pamafunika filler primer, ena amalemba kuti high build. Iyi ndi yokhuthala, imakwirira timizere ta sandipepa. Poperani katatu mopepuka, chitini chili masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa galimoto, ndipo muzidikira mphindi 5 mpaka 10 pakati. Ikauma bwino, wazani penti yakuda pang'ono chabe ngati fumbi, kenako kwechani ndi P600 sandipepa mutaikulunga pa kathabwa kosalala. Pomwe kuda kwatsalira ndiye kuti pali kadzenje. Chala chokha sichingakuuzeni zimenezi.

Bampala ndi nkhani ina. Ambiri ndi apulasitiki ya mtundu wa PP, ndipo kuseri kwake mupeza palembedwa >PP<. Pulasitikiyi imakana penti. Pamafunika plastic primer, yomwe nthawi zambiri imakhala yoonekera ngati madzi. Popanda iyo penti imasendeka ngati khungu la mbatata yophika.

Palinso zitini za 2K epoxy zokhala ndi batani kunsi. Mukadina bataniyo mankhwala awiri amasakanikirana, ndipo kuyambira pamenepo chitini chili ndi nthawi yake yoti chigwiritsidwe ntchito mankhwala asanaume, yomwe imalembedwa pambali. N'zodula, koma pa chitsulo zimatchinga chinyezi kuposa zina zonsezi, ndipo filler amaloledwa pamwamba pake. Musazipopere m'galaja yotseka, komanso kansalu kapamphuno sikateteza ku mpweya wake. Pamafunika masiki ya makatiriji osefa mpweya.

Za mtundu: yotuwa imagwirizana ndi siliva ndi mitundu yambiri, yoyera ipite pansi pa penti yoyera, yachikasu kapena yofiira yowala, yakuda pansi pa penti yakuda. Mukaika yotuwa pansi pa penti yoyera, mudzatha zitini ziwiri pomwe chimodzi chikanakwana.

Zambiri zomwe anthu amanamizira pulayima zimachokera pa kukonzekera. Timaenje tozungulira ngati diso la nsomba timabwera chifukwa cha polishi kapena mafuta, choncho pukutani malowo ndi mankhwala ochotsa mafuta musanagwire sandipepa. Penti yakale ikachita makwinya, ndiye kuti thinala wa mu pulayima waidya. Yesani kaye pamalo obisika, ndipo ulendo woyamba mungowaza pang'ono. Pulayima ikayenderera, mwayandikira kwambiri. Ikakhala yokhakhala ngati mchenga, mwatalikira kapena chitsulo chatentha, zomwe zimachitika kawirikawiri pa dzuwa la mu Okutobala. Poperani pamthunzi m'mawa, mutathira madzi pansi kuti fumbi lisabuke. Khutchumulani chitini mphindi ziwiri kuyambira pomwe kampira kam'kati kayamba kulira.

Pulayima wamba imamwa madzi, ndiye musayende nayo masabata pa mvula musanapake penti. Mukamaliza, zondotsani chitini n'kupopera mpaka mpweya wokha utuluke, kuti kamlomo kasatsekeke.