Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Tsiku Limene Ndinanyoza Khansala

Ndinalekezera pa masankho a pa 12 Ogasiti 2021, pamene ine ndi mlamu wanga tinasiya kupemphana mchere. Nyumba zathu n'zoyang'anana, koma chitenje chimene ndinkavala pa kampeni sichinali ngati chake, ndipo mu Chipata masiku amenewo mtundu wa nsalu unkatha kudula chibale. Ofiira uku, obiriwira uko. Ngakhale pamaliro azimayi tinkasonkha moto pawiri.

Ku Lusaka boma linasintha, a Hakainde Hichilema n'kulowa, koma kuwodi kwathu anapambana khansala wa chipani chimene sindinachivotere. Ine ndinali ndi kanthu kukhosi. Zaka zambiri ndikugulitsa tomato ndi repu pamsika, anyamata ena a chipani chimenecho ankabwera m'mamawa kudzatenga ndalama pabenchi langa popanda lisiti. Ukafunsa, ankangoti, "Amayi, mufuna kugulitsa kapena simufuna?" Khansalayu sanali mmodzi wa iwo, zimenezo ndivomere. Koma mumtima ndinali nditawamanga onse mtolo umodzi.

Mu 2022 ndalama za CDF, zija boma limapereka kuti zitukule madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mwadzidzidzi aliyense anayamba kukonda misonkhano. Dongosolo lake n'lakuti anthu amatchula zosowa zawo m'mazoni, komiti ya chitukuko ya wodi, ija timangoti WDC, n'kuzisanja, kenako n'kuzitumiza ku komiti ya CDF. Azimayi a zoni yathu anandikankhira m'komitimo chifukwa cha pakamwa pangapa. Sikuti ankandiyamikira ayi.

Msonkhano woyamba unachitikira pasukulu ina, pansi pa mtengo wa mango. Kunali kutentha kwa mu Okutobala, kuja kumene ngakhale anyamata a njinga amabisala pamthunzi n'kukana makasitomala. Mipando inalipo isanu yokha, enafe pa zitenje ndi pa njerwa. Khansala anafika wapansi, nsapato zitachita mbuu, atanyamula kope la ana asukulu lopindika m'makona. Atangoti ayambe kuwerenga mndandanda, ine dzanja m'mwamba, ndipo sindinadikire kuti andiloze.

"A khansala, munali pamsana pa njovu n'kumati kunja kulibe mame. Lero mwatsika. Ndalamazi si zanu, musazigawe kwa anthu a nsalu yanu monga munazolowerera."

Kunali kuwomba m'manja mbali yathu. Mbali inayo mnyamata wina anadzuka, wina n'kumugwira malaya. Mlamu wanga ndinamuona akumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, ndipo ndinadziwa kuti lero kugwa munthu.

Khansala sanafulumire. Anaimirira, natenga mpando wake n'kukaupereka kwa agogo ena a mbali yathu amene anali atakhala pa njerwa kuyambira m'mawa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ndamva. Kwanuko madzi mumatunga kuti?"

Ndinasowa poyambira, chifukwa ndinali nditakonzekera ndewu, osati funso. Ndinayankha mokalipa ndithu kuti timatunga pachitsime cha kudambo, chimene chimaphwa mvula isanagwe. Anafunsa kuti ndi mabanja angati, timadzuka nthawi yanji, ana otsekula m'mimba alipo angati mwezi umenewo. Zonse ankalemba. Cholembera chitakana, anabwereka changa chomwe.

Posanja zofunika, mjigo wa zoni yathu unakhala poyamba, patsogolo pa kalavati ya kufupi ndi kwawo. Anthu ake omwe anayamba kung'ung'udza. Wina anakuwa kuti, "Mwagulidwa, bwana!" Iye anangoti kalavati idikira, madzi sadikira, ndipo amene ali ndi mabanja ochuluka kuposa amene alembedwawa anene tiwerengere limodzi. Palibe anatsutsa nambala.

Ena mudzati inali ndale chabe, ankasaka mavoti athu a mtsogolo. Mwina. Ine ndagulitsa pamsika nthawi yaitali, ndimadziwa kumwetulira kwa munthu wofuna kukugula, ndipo kumeneku sikunali komweko. Komanso musamuyese mngelo. Pa nkhani ya mabasale a ana a sekondale tinakanganapo koopsa miyezi yotsatira, mpaka lero ndimati iye ndiye analakwa. Chimene chinandivuta n'chakuti pa mikangano yonseyo sananditchulepo ndi dzina la chipani. Ndinali "amayi" basi, pamene ine kumbali ndinkamutchula mayina oti sindingawalembe pano.

Madzulo a tsiku la msonkhanolo ndinakhala pakhonde ndikusadzula nkhwani. Mlamu anatulukira ndi beseni pamutu, n'kuima pakati pa bwalo osandiyang'ana.

"Alamu, cholembera chanu chija a khansala anaiwala kubweza. Andipatsira."

Anachiika pa mtondo, osati m'manja mwanga. Ndinati zikomo, iye anati ee, n'kumapita. Mawu athu oyamba chichokereni masankho anali amenewo.

Mjigowo sunabwere msanga. Mapepala anayenda ulendo wawo, mvula inagwa n'kutha ife tikutungabe kudambo, ndipo amene anandiwombera m'manja aja anayamba kundifunsa ngati nanenso ndadya nawo. Zimenezo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.