Mkamwini wa m'sewero lathu ndi foni ya apongozi

Sabata yathayi mu ofesi yathu ya ku Braamfontein inayamba mwachizolowezi, kuwerenga zolemba za masewero a pa wailesi, kudula zimene zatalika ndi kupempha otenga mbali kuti apirirebe poti malipiro awo achedwanso. Za masiku oyambirirawo palibe chokamba. Chimene chandilembetsa ndi cha Lachinayi.

Tinalandira gawo la sewero lonena za Amalawi okhala muno m'Joni, lolembedwa ndi munthu amene akuluakulu athu anamupatsa ganyuyo chifukwa chakuti anatchula mtengo wotsika. Mtengambali wamkulu ndi bambo wa ku Dedza wosamalira maluwa ku Randburg, amene masiku 30 omwe anamudindira pa chipata cha Beitbridge polowa m'dziko muno anatha kalekale. Pa tsamba lachitatu bamboyu akuimbira foni apongozi ake aakazi kumudzi, ndipo asanapereke ngakhale moni akuwauza kuti wapeza mkazi wina, kuti akuopa kutengedwa kupita ku Lindela, kumene amasungira anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo, ndiponso kuti wasiya kutumiza ndalama chifukwa mtima wake wasokonezeka. Zonsezi akuzinena motsatana ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti.

Aliyense amene anakhalapo pa chikamwini akudziwa kuti mkamwini sayankhula chomwecho. Amayamba wafunsa za mvula, za feteleza, za mwendo wa agogo umene unkatupa, ndipo nkhani ya banja sakamba yekha, imadzera kwa ankhoswe. Munthu wopanda mapepala satchulanso Lindela pa foni. Amangoti kunja kuno sikuli bwino masiku ano, apongozi n'kukhala chete pang'ono, womvera n'kudziwa yekha kuti zinthu zathina. Ndinalembanso gawolo motero, ndipo ndinaonetsa za mkazi winayo ndi mawu achizimayi omveka chapatali akufunsa ngati aike madzi osamba, bamboyo n'kufulumira kunena kuti mayunitsi akutha.

Panalinso mkulu wina m'seweromo amene mlembi anamuyankhulitsa kuti anabwera kumigodi ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi, mu 1975. Izi sizikanatheka, pakuti ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri, boma la Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu a kumigodi mpaka mu 1977. Mwa omvera athu muli ana ndi adzukulu a anthu amene anafa pa ngoziyo, ndipo akamva bodza limodzi lotere sakhulupiriranso china chilichonse chimene mkuluyo anganene.

Oyang'anira ntchito yathu, amene samva Chichewa, anavomera kusintha chakacho koma anakana zotsalazo. Anati opereka ndalama anasainira kale uthenga uliwonse, choncho mawu onse ayenera kutuluka m'kamwa mwa mtengambali monga analembedwera, komanso kuti situdiyo inalipiridwa maola awiri okha ndipo nthawi yoyeserera palibe. Mayi amene amasewera ngati apongoziwo, munthu wamkulu wokhala ku Rosettenville, anawerenga tsambalo, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Achimwene, mkamwini wanga atandiuza zimenezi ine ndingayankhe chiyani? Ndingadule foni basi. Koma pano mwandilembera kuti ndimuthokoze chifukwa chomasuka."

Ndinapempha oyang'anira aja kuti tijambule njira zonse ziwiri. Pojambula yanga, mnyamata wosewera mkamwiniyo anachita chibwibwi pofunsa za mbuzi, chinthu chimene sindinalembe, ndipo katswiri wa makina, amene ndi Mzulu, anatukula mutu n'kufunsa kuti munthuyu akubisa chiyani.

Lachisanu anatumiza kwa opereka ndalama ija yakale, yothokoza mkamwini. Yanga ili mu kompyuta. Madzulo ake ndinauzidwa kuti magawo otsatira alembedwanso ndi mlembi yemweyo, ndipo ine ndizingoona ngati zilembo zili m'malo mwake.