Lachitatu: mzere wokwera umene unandinamiza

Lero ndinadzuka ndi ntchito imodzi yokha: kujambula galafu yosonyeza mmene ndalama zimene makomo amapeza pachaka zasinthira mu county (dera longa boma) ina ya kumidzi ku Nebraska, ku America, kuyambira 1989 mpaka 2023. Mumtima ndinkati pofika 10 koloko ndikhala nditathana nazo. Dzuwa lalowa ndikadali pa kompyuta, khosi lili gwa.

Manambala ndinawatenga pa FRED, tsamba la Federal Reserve Bank ya ku St. Louis, koma eni ake ndi a Census Bureau, bungwe la kalembera la ku America, kudzera m'pulogalamu yawo ya SAIPE, yoyerekeza ndalama zimene anthu amapeza ndi umphawi m'madera ang'onoang'ono. Chimene amayerekeza si avereji ayi, koma ndalama za khomo la pakati. Mundandalike makomo onse kuchokera losaukitsitsa mpaka lolemeretsa, kenako muloze limene lili pakatikati. Ndinadziyesa ndekha papepala ndi makomo asanu ongopeka: anayi opeza madola 30,000, 35,000, 40,000 ndi 45,000, lachisanu la mwini ng'ombe zambirimbiri wopeza 600,000. Avereji ikuti 150,000, ngati kuti onsewo akudya bwino. Khomo la pakati likuti 40,000. Kumidzi, komwe munthu mmodzi wolemera atha kupendeketsa sikelo yonse, nambala yachiwiriyi ndiyo imanena zoona.

Choyamba kundikhumudwitsa chinali mipata. Pali 1989, kenako zii mpaka 1993, ndiye 1995, ndipo kuyambira 1997 m'pamene manambala amabwera chaka ndi chaka. Excel sinafunse chilichonse, inangolumikiza madonthowo ndi mzere wowongoka ngati ikudziwa zimene zinachitika mu 1991. Ine nanenso sindinafunse. Mzerewo unkakwera mokongola, ndipo ndinautumiza kwa aphunzitsi anga ndikudzitama chamumtima.

Yankho lawo linali chiganizo chimodzi: "Kodi madola amenewa ndi a chaka chanji?"

Manyazi anandigwira. Manambala a SAIPE amalembedwa m'madola a chaka chomwecho, osachotsapo kukwera kwa mitengo ya zinthu. CPI ya ku America, muyeso wa mitengo ya zinthu, inali 124.0 mu 1989, ndipo mu 2023 inafika 304.7. Ndiye kuti katundu wa madola 100 mu 1989 ankafuna pafupifupi madola 246 mu 2023. Nditasintha zonse kuti zikhale m'madola a 2023, phiri langa lija linasanduka kachulu. Kukwera kulipo ndithu, koma kwapang'onopang'ono, ndipo zaka zina mzere ukubwerera pansi.

Masana onse ndinathera pa 2005. Zaka za m'mbuyo mwake, SAIPE inkadalira kafukufuku wa Current Population Survey, koma kuyambira chaka chimenecho inasamukira ku American Community Survey. Mzere ukadumpha pamenepo, munthu sungalumbire kuti matumba a anthu ndiwo asintha, mwina ndi muyeso chabe. Komanso kafukufuku watsopanoyu amatulutsa manambala a chaka chimodzi kwa madera okhawo a anthu 65,000 kapena kuposerapo. County yangayi ili kutali ndi chiwerengero chimenecho, ndiye makomo ofunsidwa pachaka ndi ochepa zedi. N'chifukwa chake akatswiriwo amaphatikizapo zochokera m'mafomu a msonkho a IRS (bungwe lotolera msonkho) ndi m'kalembera, masamu n'kutseka mipata. Ndinadzifunsa kuti nanga ku Loving County ku Texas, komwe kalembera wa 2020 anapeza anthu 64 okha, khomo la pakati n'landani? Mwina aliyense kumeneko akumudziwa ndi dzina.

Pambali pa nambala iliyonse amaikapo malire a pansi ndi a pamwamba, kunena kuti ali ndi chikhulupiriro cha 90 pa 100 kuti zoona zili pakati pamenepo. M'mawa malirewo ndinawadumpha dala poti amadetsa galafu. Nditawabwezeretsa ndinaona kuti kusintha kwa zaka zambiri zoyandikana kukumira m'kati mwake. Chaka chimene ndinali nditachilembera kale ndime yonse, yonena za mitengo ya chimanga ndi ng'ombe, sichikusiyana kwenikweni ndi chinzake. Ndimeyo ndaifufuta, ngakhale inali yokoma.

Chimene chikundisowetsabe tulo n'china. Achinyamata akamachoka kupita m'mizinda, n'kutsala okalamba odalira penshoni, khomo la pakati limasintha ngakhale palibe amene malipiro ake atsika. Ndipo munthu wokhala yekha amawerengedwa ngati khomo lathunthu. Galafu siingasiyanitse zimenezi pokhapokha nditaikapo zaka za anthuwo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya mawa.

Pakali pano ndaduladula mzere m'zaka zopanda manambala, ndaika chizindikiro pa 2005, ndipo malire aja ndawapaka utoto wotuwa. Yanyansa kuposa ya m'mawa ija. Aphunzitsi aiona 8 koloko.