Mausi yoimirira kapena trackball: yambani ndi pomwe pakupweteka

Mausi ya kompyuta yoimirira ndi trackball (mausi yosasuntha, yomwe mumayendetsa kamuvi ka pasikirini pozunguza kampira kake) sizichiritsa dzanja. Zimangochotsa ntchito paminofu ina n'kuipereka kwa ina. Choncho musanasankhe, lozani ndi chala pomwe pakupweteka kwenikweni. Kuwawa kwa pamfundo ya dzanja, kwa m'tsinde mwa chala chachikulu ndi kwa paphewa ndi mavuto atatu osiyana, ndipo chida chothetsa limodzi chimatha kukulitsa linzake.

Kuchokera pachigongono kufika padzanja pali mafupa awiri. Mukagwira mausi wamba chikhatho chitayang'ana pansi, fupa la mbali ya chala chachikulu limapingasa linzake, minofu n'kukhala yokokeka choncho tsiku lonse. Kuwonjezera apo, ambiri amakhazika mfundo ya dzanja patebulo n'kumapotola dzanja lokha uku ndi uku. Pamfundo pomwepo, mbali ya chikhatho, pali kanjira kopapatiza kotchedwa carpal tunnel, momwe mumadutsa timitsempha 9 topinda zala ndi mtsempha umodzi womwe umatimvetsa kukhudza. Mtsempha umenewu ukapanikizika, dzanzi limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatira, makamaka usiku. Dzanzi la kachala komaliza ndi nkhani ina: limachokera ku mtsempha wina umene kawirikawiri umapanikizika pachigongono, ndipo apo yang'anani kaye pomwe mumatsamiritsa chigongonocho.

Ngati ululu uli pamfundo kapena ukuyenda pamwamba pa mkono kulowera kuchigongono, yambani ndi mausi yoimirira. Imatembenuza dzanja kuti likhale monga limakhalira pogwirana chanza. Logitech MX Vertical, yomwe inatuluka mu 2018, inapendekeka madigiri 57. Logitech Lift ya mu 2022 ili ndi kupendekeka komweko koma ndi yaing'ono, ndipo ilipo ya amanzere. Evoluent VerticalMouse ndiyo inaimirira pafupifupi chilili. Kwa woyamba kumene, yopendekeka pang'ono ndiyo yabwino, chifukwa mausi ikaimirira kwambiri, mukadina batani mumaikankhira m'mbali, kamuvi n'kuthawa pomwe mumaloza. Pofuna kuigwira kuti isasunthe mumayamba kuifinya ndi chala chachikulu, ndiye mwabweretsa ululu watsopano.

Kukula kwake n'kofunika kuposa dzina la kampani. Tengani rula, muyeze kuchokera pamzere woyamba wa pamfundo ya dzanja mpaka kunsonga ya chala chapakati. Dzanja losapitirira masentimita 19 limakhazikika bwino pa mausi yaing'ono ngati Lift. Lopitirira apo likufuna yaikulu. Ikakukulirani, zala zimachita kutambasuka kuti zifike pamabatani. Ikakucheperani, mumaitsina m'malo mogoneka dzanja pamwamba pake, ndipo kachala komaliza kamakhukhuza tebulo. Onani ngati ili ndi kamlomo m'munsi pogonekapo kachalako. Dziwaninso kuti mausi yoimirira ndi yaitali chokwera m'mwamba: masiku oyamba mudzaigunda n'kuigwetsa pochotsa dzanja pakiyibodi.

Ululu wa paphewa ndi m'khosi umachokera pa kutambasula mkono ndi kuuyendetsa patebulo, ndipo mausi yoimirira sisintha zimenezo. Apa m'pofunika trackball, chifukwa iyo sisuntha. Chozungulira ndi kampira kokha. Koma zilipo za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Ya chala chachikulu, monga Logitech M575 yokhala ndi kampira ka mamilimita 34, kapena MX Ergo ya mu 2017 yomwe mungaipendeketse madigiri 20, sivuta kuzolowera chifukwa mabatani ali pomwe munawazolowera. Vuto lake ndi lakuti chala chimodzi chimasenza ntchito yonse yoyendetsa kamuvi. Ngati m'tsinde mwa chala chachikulu mukupweteka kale, kapena munauzidwa kuti muli ndi vuto la de Quervain, lomwe ndi kutupa kwa timitsempha ta mbali imeneyo, isiyeni. Ngakhale otsatsa ayitame motani, idzakuwonjezerani ululu.

Ya zala, monga Kensington Expert Mouse ya mpira wa mamilimita 55, imayendetsedwa ndi zala ziwiri kapena zitatu, ndipo mpira wake waukulu umathandiza kuloza mosaphonya. Popeza mbali zake n'zofanana, mungasinthane manja lina likatopa. Choipa chake n'chakuti inakwera chakumbuyo, kotero dzanja limapindikira m'mwamba. Gwiritsani ntchito kotsamira komwe imabwera nako, ndipo pakhale tsinde la chikhatho, osati mfundo yeniyeniyo. Kukoka fayilo mutadina batani kumavutanso pa mtundu uwu. Windows ili ndi ClickLock yomwe imagwirizira batani kuti chala chipume.

Trackball imafuna kutsukidwa. Mpira umakhala pa timikanda titatu, ndipo thukuta ndi fumbi zimaundana pamenepo mpaka mpirawo uyambe kukakamira. Ukatero mumakankha mwamphamvu osazindikira. Utulutseni poukankha kudzera pabowo la pansi, kapena ingounyamulani ngati uli wa pamwamba, mupukute timikandato ndi kansalu kouma. Musathire mafuta, amangoitana fumbi.

Chida chabwino pa tebulo lolakwika n'kutaya nthawi. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, chitapindika pafupifupi madigiri 90, phewa litagwa, dzanja ndi mkono zili mzere umodzi. Kiyibodi yokhala ndi manambala kumanja imakankhira mausi kutali ndi thupi. Ngati simulemba manambala kwambiri, yopanda gawo limenelo imabweretsa mausi pafupi. Kwezani liwiro la kamuvi kuti kadutse sikirini yonse popanda kunyamula mausi, koma osati mpaka kuyamba kuphonya, chifukwa kuphonya kumachititsa kuti muumitse dzanja.

Musasinthe kamodzin'kamodzi. Yambani ndi ola limodzi kapena awiri patsiku, yakale ili pambali, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kutopa kwa minofu yomwe sinazolowere n'kwachibadwa ndipo kumatha. Ululu wobaya, kapena wosamukira pamalo atsopano n'kumakula, ukutanthauza kuti chidacho sichikukuyenerani, ndiye gulani komwe amalola kubweza. Dzanzi lokudzutsani usiku, kugwetsa zinthu m'manja, kapena kuphwa kwa mnofu wa m'tsinde mwa chala chachikulu ndi zizindikiro zoti mtsempha wapanikizika kwambiri. Zikafika apo kaonaneni ndi dokotala msanga, chifukwa mtsempha ukakhalitsa choncho mphamvu ya chala imatha kutayika osabwereranso.